Legal Aid Bureau: loya wa boma alipo, koma masiku a rimandi muziwerenga nokha

Wachibale wanu akamangidwa ndipo ndalama ya loya palibe, khomo loyamba kugogoda ndi la Legal Aid Bureau. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo linayamba ntchito mu 2015, kulowa m'malo mwa nthambi yomwe inali pansi pa unduna wa zachilungamo. Maofesi ake aakulu ali ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Phata la ntchito yake ndi gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko, lomwe limati womangidwa apatsidwe loya ndi boma ngati chilungamo chikufuna kutero.

Mukafika amakufunsani za kapezedwe kanu, n'kuonanso ngati nkhaniyo ili ndi mutu. Si onse amathandizidwa ulere; amene ali ndi kangachepe angathe kuuzidwa kuti asonkheko. Nyamulani chiphaso cha unzika, ndipo mulembe papepala polisi yomwe inamugwira, nambala ya mlandu ndi tsiku lomwe anamangidwa.

Pomwe bungweli limaonetsa mphamvu ndi pa milandu yakupha. Belo ya mlandu wotere imaperekedwa ndi khoti lalikulu lokha, ndipo pempho lake limafuna zikalata zolumbirira zomwe munthu wamba sangalembe yekha. Maloya awo amazidziwa bwino zimenezi. Khoti litagamula pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007 kuti chilango cha imfa chisakhale chokakamiza, maloya a Legal Aid anali m'gulu la omwe anaimira akaidi pomvanso zilango zawo kuyambira 2015, ndipo ambiri anatuluka.

Pofooka ndi pa maola 48 oyamba, nthawi yomwe malamulo amati munthu akhale ataonekera kukhoti. Maloya ndi ochepa, milandu ndi mulu, motero nthawi zambiri woganiziridwa amalembetsa sitetimenti ali m'chitokosi loya asanamuone n'komwe. Mukapita kukamuzonda, muuzeni kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndipo asasaine pepala lomwe sanaliwerenge kapena kumuwerengera m'chilankhulo chomwe amamva. Belo ya kupolisi ndi yaulere, wina asakuuzeni za "kafanta". Pamenepa amathandiza msanga ndi maparaligo (anthu ophunzitsidwa za malamulo koma osakhala maloya) a bungwe la Paralegal Advisory Service Institute (PASI), omwe amayendera ndende ndi mapolisi.

Nkhani ya rimandi ndiye yowawa. Malamulo ozengera milandu, monga anawakonzera mu 2010, amati pa mlandu wa kukhoti la majisitireti munthu asasungidwe masiku oposa 30 mlandu usanayambe, ndipo pa milandu yoopsa monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza, masiku 90. Boma likafuna kuonjezera liyenera kupempha khoti, ndipo owonjezerawo sapitirira 30. Vuto n'lakuti palibe amene amakuwerengerani. Doketi, fayilo ya apolisi ya mlanduwo, imatha kugona pakati pa apolisi ndi ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma, mwina lipoti la chipatala silinafike, munthu n'kumakalambira ku Maula kapena ku Chichiri. Masiku akakwana, pitani nokha ku ofesi, mufunse loya amene wagwira fayiloyo, mumupemphe akasume kuti munthuyo atulutsidwe. Foni yokha siyendetsa fayilo.

Tsiku lomva pempho la belo, mboni za belo zibwere ndi ziphaso zawo, zokonzeka kufunsidwa komwe zimakhala ndi katundu yemwe zili naye. Khoti limatha kuvomera belo, koma mboni zikasowa munthuyo amabwereranso kundende mpaka zitapezeka.