Mini UPS ya rauta ya 10,400mAh: ndi yothandiza, koma nambala ya pa katoni isakunamizeni

Mini UPS ndi kabokosi kakang'ono, kukula kwake ngati buku la nyimbo, kamene kamakhala pakati pa soketi ndi rauta kuti magetsi akathima intaneti isazime nawo. Imene ndikunena pano ndi ya mtundu wofala uja wopanda dzina lodziwika, yolembedwa 10,400mAh (mAh ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), yotulutsa 5V pa USB, 9V ndi 12V pa nthambo, komanso ili ndi khomo la PoE (lotulutsa moto kudzera m'nthambo ya netiweki). Ndayigwiritsa ntchito pa rauta ya 4G yolowetsa simu khadi. Ndikuyipatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo nyenyezi yachisanuyo yatsalira chifukwa cha kutchaja kwake ndi zolemba za pa katoni.

Ntchito imene inapangidwira ikuyigwira bwino. Magetsi akathima rauta siyiphethira n'komwe, chifukwa mphamvu imadutsira m'kabokosika nthawi zonse, palibe kudikira kuti china chizime china chiyake. Mukhoza kuyesa nokha: yambani kuimba foni ya vidiyo pa WhatsApp, kenako zulani pulagi kukhoma. Foni isaduke. Izi si zazing'ono, chifukwa rauta ya 4G ikazima imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti iyake n'kugwiranso netiweki, ndipo munthu amene ali pa msonkhano wa Zoom, pa kalasi ya pa intaneti kapena akutumiza fomu ya ntchito amakhala kuti wataya kale zambiri. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kutichotsera pafupifupi 130MW, ambiri tinaona kuti kugula bandulo n'kosakwanira ngati rauta ilibe moto.

Tsopano nkhani ya maola, pamene ogula ambiri amakhumudwira. Wogulitsa angakuuzeni kuti imakhala tsiku lonse. Musatsutsane naye, ingowerengani. Mkatimo muli mabatire 4 a lithium a mtundu wa 18650, lililonse la 2,600mAh. Mukaphatikiza mupeza 10,400mAh ija, koma nambalayi ndi ya pa 3.7V ya batire, osati pa 12V imene rauta imafuna. Chulukitsani 10.4 (ndiye 10,400 ija mutaigawa ndi 1,000) ndi 3.7, mupeza pafupifupi 38Wh. Imeneyi ndiye mphamvu yeniyeni yosungidwa. Ina imatayika ngati kutentha posintha moto kuti ufike pa mlingo wa rauta, choncho yogwiritsa ntchito ndi 32Wh kapena cha pomwepo. Rauta ya 4G yolembedwa 12V 1A kumbuyo sidya 12W nthawi zonse. Amenewo ndi malire ake. Kawirikawiri imadya 4W mpaka 6W malinga ndi anthu amene alumikizidwa komanso mphamvu ya netiweki. Gawani 32Wh ija ndi 5W, mupeza maola 6 ndi pang'ono, ndipo ndi momwedi imakhalira batire likakhala latsopano. Mukalumikiza zipangizo ziwiri, monga kabokosi ka faiba ndi rauta yake, yembekezerani maola 3. Mukayamba kutchajirapo mafoni pa USB, foni imodzi yokha yopanda moto imadya maola pafupifupi 3 a rauta. Apa ndi pamene m'nyumba mumayambira mkangano, chifukwa aliyense amaona ngati ndi pawabanki.

Pali mabokosi ena ofanana ndi kameneka olembedwa 20,000mAh kapena kuposa, pa mtengo womwewo. Nyamulani m'manja. Batire limodzi la 18650 lenileni limalemera magalamu pafupifupi 45, ndipo labwino kwambiri limafika cha pa 3,500mAh basi. Mabatire 4 ngakhale atakhala apamwamba bwanji amathera pa 14,000mAh. Ngati kabokosi kali kopepuka koma nambala yake ndi yaikulu, kasiyeni pa kauntala pomwepo.

Musanalipire, tembenuzani chaja ya rauta yanu muwerenge mzere wa OUTPUT. Marauta ena ndi a 12V, ena ndi a 9V, ena a 5V, ngakhale akhale a kampani imodzi. Kabokosika kali ndi kaswitchi kosankhira 9V kapena 12V, ndipo kamasuntha mosavuta mwina popukuta fumbi. Rauta ya 12V mukaipatsa 9V imayaka, koma ikafuna kukoka mphamvu yambiri imazima n'kuyakanso, munthu n'kumaganiza kuti ndi vuto la netiweki. Rauta ya 9V mukaipatsa 12V ikhoza kupsa. Mukasankha voteji yoyenera, matanipo tepi kuti pasasunthe. Khomo la PoE nalo lisamaleni: limatulutsa moto wa voteji yokwera kudzera m'nthambo ya netiweki, ndipo ndi la makamera ndi ma antena opangidwira zimenezo. Musalowetsepo nthambo ya laputopu pofuna intaneti.

Kamutu ka nthambo kolowa mu rauta kali mitundu iwiri yofala imene ndi maso simungaisiyanitse. Kunja yonse ndi 5.5mm, koma bowo la mkati lina ndi 2.1mm, lina 2.5mm. Kamutu ka 2.5mm kamalowa bwinobwino pa rauta ya 2.1mm koma kamagwedera, moti tebulo likagwedezeka magetsi a rauta amaphethira onse pamodzi. Ka 2.1mm sikalowa pa rauta ya 2.5mm, ndipo mukakakamiza mumathyola kachitsulo ka pakati. Onaninso kachizindikiro kosonyeza kuti pakati ndi pa +, monga zilili pa marauta ambiri. Njira yachidule ndi kunyamula rauta ndi chaja yake popita kushopu, muyese pamaso pa wogulitsa.

Chimene sichinandisangalatse ndi kutchaja. Kabokosika kakatheratu kamafuna maola 4 mpaka 6 kuti kadzaze, chifukwa moto wolowa ukugawidwa pawiri, wina ku rauta wina ku batire. Masiku amene magetsi akubwera maola awiri n'kuthimanso, batire silidzadza, ndipo tsiku lachiwiri limakhala maola ochepa kuposa loyamba. Ambiri amabweza kushopu poganiza kuti kawonongeka pomwe sikanakhute. Chothandiza ndi kuzimitsa rauta usiku magetsi akathima, komanso kuzimitsa kabokosiko pa batani lake, chifukwa ngakhale palibe cholumikizidwa kamadya moto pang'onopang'ono. Timagetsi tinayi tosonyeza kuchuluka kwa moto musatidalire kwenikweni. Timayeza voteji ya batire, ndipo voteji ya lithium imatsika pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali kenako n'kugwa msanga kumapeto. Mukaona katsala kamodzi, sungani ntchito yanu.

Pulagi yake inabwera ya mano awiri obulungira, pomwe masoketi athu kuno ndi a mano atatu. Chizolowezi chotokosa bowo la pamwamba ndi kamtengo kuti pulagi ilowe n'choopsa pa chipangizo chimene chimakhala pamoto usana ndi usiku: imagwira molobodoka, imathetheka, soketi n'kuda. Dulani muikepo pulagi ya mano atatu ya fyuzi ya 3A. Ndipo popeza kabokosika sikateteza ku moto wobwera mwamphamvu magetsi akamayaka, kapena ku mphenzi za dzinja, kaikeni kumbuyo kwa gadi ngati imene mumaika pa TV.

Laputopu iwalani. Imafuna 19V kapena 20V ndi 45W mpaka 65W, zimene kabokosika sikangathe. Dishi yaikulu ya Starlink imadya kuposa 50W, ndiye imeneyo ndi nkhani ya inveta ndi batire lalikulu kapena sola. Dziwaninso kuti rauta kuyaka sikutanthauza kuti intaneti ilipo. Nsanja za netiweki nazo zimadalira mabatire ndi majenereta. Magetsi akathima nthawi yaitali, makamaka mafuta akamasowa, nsanja ya kwanu ikhoza kuzima, rauta n'kugwira ya kutali kapena kutsikira pa 3G. Pamenepo kabokosika kalibe mlandu.

Mabatire a mtundu umenewu amatha kudzazidwa ndi kutha maulendo 300 mpaka 500 asanafooke moonekera. Kumene magetsi akuthima tsiku ndi tsiku, chimenecho ndi chaka chimodzi kapena chaka ndi theka. Kutentha kumafupikitsanso moyo wake, choncho musakaike pawindo pa dzuwa, pamwamba pa dikoda kapena pansi pa rauta, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndiponso kwa abale a ku Chikwawa ndi Nsanje. Kakayamba kutentha kwambiri, kununkha kapena kutupa, kazuleni nthawi yomweyo mukaike panja pa simenti. Ubwino wake ndi wakuti kamatseguka ndi masikuluwu, ndipo wokonza mafoni wodziwa ntchito atha kusintha mabatire. Muuzeni asinthe onse 4 nthawi imodzi, a mtundu umodzi, osati kusakaniza ndi ochotsa m'malaputopu akale, chifukwa lofooka limodzi limatha msanga n'kuzimitsa onse. Ngati thumba likulola, pogula funsani mini UPS ya mabatire a LiFePO4, mtundu wina wa lithium: ndi yolemera komanso yodulirapo, koma imapirira kutentha ndipo imafika maulendo 2,000.