Pulogalamu yosamutsa nyimbo za pa CD kupita pa DVD: imasunga bwino, koma siwonjezera kukoma

Ndagwiritsa ntchito pulogalamu imeneyi kwa nthawi yokwanira kuti ndisiyanitse zimene imachitadi ndi zimene otsatsa malonda ake amakokomeza. Ntchito yake ndi kukopera nyimbo kuchokera pa zimbale za CD, kuzisanja bwino, kenako n'kuziwotcha pa DVD, ndipo pa ntchito imeneyi ndilibe dandaulo lalikulu. CD imodzi imathera pa 700 MB, zimene ndi mphindi pafupifupi 80, pamene DVD wamba imalowa 4.7 GB. Mukasiya nyimbozo monga momwe zilili, DVD imodzi imanyamula nyimbo za maola pafupifupi 7, kutanthauza kuti zimbale zisanu kapena kuposerapo zimakhala malo amodzi popanda kupanikizidwa ngati momwe zimakhalira pa MP3.

Pamene ndikusiyana maganizo ndi otsatsa malondawo ndi pa batani limene amati limakweza nyimbo kufika pa 24-bit ndi 96 kHz, manambala osonyeza kuchuluka kwa tsatanetsatane wa mawu amene amasungidwa. Kuyambira mu 1982, pamene Philips ndi Sony anatulutsa CD, nyimbo za pa chimbale chotere zakhala zikusungidwa pa 16-bit ndi 44.1 kHz, ndipo mawu opyapyala kwambiri amene zingasunge sapitirira 22 kHz. Chimene sichinalowe pa chimbale tsiku limene chinkapangidwa, palibe pulogalamu imene ingachibweze. Kukweza manambalawo kuli ngati kutsanulira madzi a m'kapu mu ndowa: chotengera chakula, koma madzi ndi omwewo. Ndinawotcha nyimbo zomwezo m'njira zonse ziwiri n'kuzimvetsera pa masipika amodzimodzi, ndipo khutu langa silinapeze kusiyana kulikonse. Chimene chinasintha ndi malo okha, chifukwa pa 24-bit ndi 96 kHz mphindi imodzi imadya pafupifupi 35 MB m'malo mwa 10 MB ndi theka, kotero DVD ija imadzaza ndi nyimbo za maola awiri ndi pang'ono. Batani limenelo lili ndi phindu kwa munthu amene ali kale ndi mafayilo ojambulidwa pa mlingo wapamwamba, osati kwa amene akuyambira pa CD.

Chinthu china chimene wogula ayenera kumvetsa asanawononge ma DVD ake ndi chakuti pulogalamuyi imapanga mitundu iwiri ya zimbale. Mtundu woyamba ndi DVD-Audio, umene unafika pa msika mu 2000 ndipo umasunga nyimbo mu foda ya AUDIO_TS. Ubwino wake ndi woti umalandira 44.1 kHz mwachindunji, motero nyimbo zimatuluka ndendende monga zinalili pa CD, komanso umalola kuzigawa m'magulu 9, gulu lililonse mpaka nyimbo 99, zomwe ndinazipeza zothandiza popatsa chimbale chilichonse gulu lakelake. Vuto ndi lakuti makina ambiri a DVD sawerenga mtundu umenewu, pakuti sunafale monga ankayembekezera amene anaupanga. Mtundu wachiwiri ndi DVD-Video, umene makina aliwonse a DVD amatha kuwerenga, koma umangolola 48 kHz kapena 96 kHz, ndiye pulogalamuyo imakakamizika kusintha nyimbo kuchoka pa 44.1 kHz. Kusinthaku imakuchita mwaukhondo, ndipo sindinamve phokoso lachilendo, ngakhale kuti munthu wofuna kope lenileni losasinthidwa ayenera kudziwa kuti limeneli silo.

Mbali yokopera ndi imene sinandikhutiritse kwenikweni. Pa zimbale zosamalidwa bwino imathamanga popanda vuto, koma ikakumana ndi chimbale chokalika imangopitirira osachenjeza kuti pena pake yalephera kuwerenga. N'chifukwa chake tsopano ndimakopera ndi pulogalamu ina yotchedwa Exact Audio Copy, imene imabwereza kuwerenga malo ovuta ndi kuyerekeza zotsatira ndi AccurateRip (nkhokwe ya pa intaneti ya zotsatira za anthu ena amene anakopera chimbale chomwecho), n'kusunga mafayilowo ngati FLAC (mtundu wa fayilo wosataya kanthu pa mawu), kenako ndi pamene ndimawapereka ku pulogalamu yosamutsa ija kuti iwasanje ndi kuwotcha. Mayina a nyimbo imawapeza yokha pa intaneti, ngakhale kuti pa zimbale zosadziwika kwambiri ndinachita kulemba ndekha.

Pulogalamuyi ndingailimbikitse kwa munthu amene ali ndi zimbale zambiri, amene makina ake amawerenga DVD-Audio, ndipo akufuna kumvetsera kwa maola angapo osadzuka kukasintha chimbale. Amene makina ake ndi wamba asankhe DVD-Video pa 48 kHz, ndipo ayambe wayesa ndi DVD-RW, imene imafufutika, kuti aone ngati makinawo akulumpha bwino kuchoka pa nyimbo ina kupita pa inzake asanawotche pa DVD-R, imene sifufutika.