The Lovely Bones: Lanena Zoona pa za Ofedwa, Koma Kumwamba Kwake Sikunandikhutiritse

Bukuli analemba ndi Alice Sebold wa ku America, ndipo linatuluka koyamba mu 2002. Linayenda malonda kwambiri moti linakhala nthawi yoposa chaka pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri wa nyuzipepala ya New York Times, ndipo mu 2009 Peter Jackson anapanga filimu kuchokera m'nkhani yomweyi. Langa ndinagula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni muno mu Blantyre. Ndi lachikuto chofewa, la masamba oposa 300, ndipo lili m'Chingerezi. Ndalipatsa nyenyezi 3 mwa 5. Chiwerengerereni ine, layenda m'manja mwa abale ndi anzanga, ndipo aliyense polibweza ankabwera ndi maganizo akeake, ena okwiya, ena atalira nalo. Ndifotokoza zonsezo pamodzi ndi maganizo anga. Amene safuna kudziwiratu mathero a nkhani adziwe kuti ndiwakhudza.

Wofotokoza nkhani ndi mtsikana wa zaka 14, Susie Salmon, amene anagwiriridwa ndi kuphedwa pa 6 Disembala 1973 ku Norristown, m'chigawo cha Pennsylvania, ndi George Harvey, bambo wokhala yekha pafupi ndi kwawo. Zonsezi zikuchitika m'mutu woyamba weniweni, choncho amene akufuna buku lofufuza chigawenga mpaka tsamba lomaliza sapeza zimenezo muno. Susie akulankhula ali kumwamba, ndipo kwa zaka zambiri akuyang'ana bambo ake Jack, mayi ake Abigail, mng'ono wake Lindsey ndi mlongo wake wamng'ono Buckley, aliyense akusenza imfayo mwa njira yake. Mtembo wake sunapezeke. Galu wa anthu oyandikana nawo anangotola chigongono, pamene zotsalazo Harvey anazitsekera m'bokosi lachitsulo n'kukaliponya m'chidzenje chakuya chimene anthu ankatayamo katundu wakutha.

Mphamvu yonse ya bukuli yagona pa nkhani ya mtembo wosapezekawu, ndipo munthu wa mu Blantyre safunika kumufotokozera kulemera kwake. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chonse chakummwera anthu oposa 500 sanapezeke. Pali mabanja amene mpaka lero alibe mtumbira woti akaulimire kapena kumangapo chiliza. Mnzanga wina wa kuntchito, amene achemwali ake anapita ndi madzi amenewo, anandiuza kuti atafika pamene bambo a Susie akukana kuvomereza kuti mwana wawo wafadi, analitseka bukulo kwa masiku angapo, chifukwa iyenso ankadzidzimuka foni ikalira usiku poganiza kuti mwina achemwali ake apezeka ali moyo kuchipatala china. Anati palibe mlaliki kapena wachibale amene anafotokozapo chiyembekezo chozunza chimenecho momveka ngati mmene bukuli lachitira. Ine ndikugwirizana naye kwathunthu.

Bambo a Susie alembedwa mwaluso kwambiri. Ankakonda kumanga tizombo tating'ono m'mabotolo mothandizana ndi mwana wawoyo, ndipo tsiku lina chisoni chitawakulira anaswa mabotolo aja. Mtima wawo unawauza msanga kuti Harvey ndiye wapha, koma apolisi analibe umboni, ndipo anthu anayamba kuwaona ngati mutu wawo wasokonekera. Usiku wina anathamangira kumunda wa chimanga kumene mwanayo anaphedwera atanyamula chibonga, akuganiza kuti akakumana ndi chigawengacho, koma anakumana ndi mnyamata wosalakwa amene anawamenya mpaka kuwaphwanya bondo. Sebold sanawasandutse ngwazi. Anawasiya ali bambo wokonda mwana wakufa mpaka kuiwala kuti ana awiri amoyo akufunanso bambo, ndipo zimenezi ndaziona ndi maso anga m'mabanja ena ofedwa.

Mkangano woyamba pakati pathu unabuka pa mayi a Susie. Abigail anayamba chibwenzi ndi Len Fenerman, wapolisi wofufuza mlanduwo, kenako anasiya mwamuna ndi ana n'kukakhala ku California, kumene ankagwira ntchito pamalo opangira vinyo, ndipo anabwerera patapita zaka zambiri atamva kuti Jack wadwala mtima. Alamu anga, amene ndi mayi wa Mvano, anati iwo sangawononge maso awo pa mkazi wothawa ana pa nthawi ya maliro, ndipo anaona kuti wolembayo akumukometsa. Anandifunsa kuti, "Alamu, inu mungamukhululukire mkazi wotere atakhala wa achimwene anu?" Koma mayi wina wa kumpingo kwathu, amene anaika mwana wake woyamba kumanda a HHI, anayankha mosiyana. Anati chaka choyamba chija nayenso ankalakalaka atakwera basi ku Wenela n'kupita kulikonse kumene palibe womudziwa kuti ndi namfedwa, ndipo chimene chinamuletsa si kulimba mtima koma kusowa kopita. Ine sindikuvomereza zimene Abigail anachita, komabe sindinaone kuti bukuli likumuyamikira. Likusonyeza bwino bala limene anasiya mwa Buckley, amene mayi ake atabwerera sanawalandire ndi manja awiri.

Chinthu china chimene chinandikhudza ndi kusungulumwa kwa banjali. Kwathu kuno maliro ndi a mudzi wonse: anthu amagona pasiwa, makwaya amasinthana nyimbo mpaka mbandakucha, azimayi amakhala pamoto, adzukulu amalawirira kumanda, chipepeso chimalembedwa m'kope n'kuwerengedwa pagulu. A Salmon anangokhala ndi mwambo wa chikumbutso m'tchalitchi, ndipo patatha chaka anthu oyandikana nawo anasonkhana okha m'munda muja ndi makandulo n'kuimba, koma Abigail sanapiteko. Poyamba munthu umaganiza kuti izi n'za azungu, ife sizingatichitikire. Koma tikanena zoona, ifenso tikasesa, matenti akachotsedwa, achibale akakwera magalimoto kubwerera ku Thyolo ndi ku Ntcheu, ofedwa amatsala okha ndi zovala za malemu, ndipo pakatha mwezi anthu amayamba kudabwa kuti akulirabe. Miyezi ndi zaka zimenezo, zimene mwambo wathu suzifikira, ndi zimene bukuli lakhalapo nthawi yaitali. Agogo a ana aja, a Lynn, okonda mowa ndi olankhula mosabisa, ndi amene anasamukira m'nyumbamo kudzagwira banja, ndipo pa iwo ndinaonapo agogo ambiri a kwathu amene amalera zidzukulu makolo akagonja.

Tsopano za kumwamba, kumene nyenyezi ziwiri zija zatayikira. M'bukuli munthu aliyense ali ndi kumwamba kwake, komangidwa ndi zinthu zimene ankazilakalaka ali moyo. Kwa Susie kuli nyumba zofanana ndi sukulu ya sekondale imene akanapitako, kuli akatungwe, kuli mnzake Holly wokhala naye nyumba imodzi, ndiponso mayi wina dzina lake Franny amene amalangiza ongofika kumene. Mulungu saonekamo, chiweruzo palibe, ndipo palibe amene akupembedza. Amalume anga, omwe ndi mkulu wa mpingo, anawerenga mitu yochepa n'kulibweza, akunena kuti Aheberi 9:27 amaphunzitsa kuti munthu amafa kamodzi kenako chiweruzo, ndipo kumwamba kopanda Mwini wake si kumwamba. Mnzanga wa mpingo wa Seventh-day Adventist anakana pa chifukwa china: iye amagwira Mlaliki 9:5, kuti akufa sadziwa kanthu, choncho mtsikana wakufa woyang'ana abale ake ndi chiphunzitso chimene sangachilole m'nyumba mwake. Mwana wa achemwali anga, wophunzira kukoleji, anati iye sanadabwe nazo konse, popeza makolo athu akhala akukhulupirira kuti mizimu ya amene anatsogola imaona zochitika pamudzi ndipo imalankhula kudzera m'maloto. Anthu atatu, buku limodzi, ndipo aliyense analiyeza ndi chikhulupiriro chimene anabwera nacho.

Ine vuto langa silili pa chiphunzitso kwenikweni, chifukwa iyi ndi nkhani yopeka ndipo wolembayo sananene kuti akulemba katekisimu. Vuto langa n'lakuti kumwamba kumeneku n'kopepuka poyerekeza ndi kulemera kwa zimene zachitika pansi. Mwana wazunzidwa mwankhanza yosaneneka, ndipo chitonthozo chimene wapatsidwa ndi akatungwe, magazini ndi zakudya zotsekemera, pamene maso ake akuonabe bambo ake akuvutika ndi womupha akuyenda mfulu. Ali ngati munthu wokhazikidwa pakhonde labwino kutsidya kwa msewu, akuona nyumba ya kwawo ikupsa koma alibe ndowa m'manja. Bukuli limanena kuti pali kumwamba kwina kokulirapo kumene munthu amafika akaleka kugwiritsitsa za pansi, koma gawo limeneli lalembedwa mothamanga, ndipo silinandifike pamtima monga mmene anandifikira mabotolo oswedwa aja.

Pali malo amodzi pamene pafupifupi tonse tinagwirizana kuti wolembayo anaphonya. Chakumapeto, mzimu wa Susie ukulowa m'thupi la Ruth, mtsikana amene ankaphunzira naye, ndipo pa nthawi yochepa imene wabwerera padziko akugona ndi Ray Singh, mnyamata amene ankamukonda asanafe. Izi zikuchitika atangochoka pafupi ndi chidzenje chimene muli mafupa ake. Mnzanga wa ku Chilobwe uja anakwiya kwambiri apa. Anati munthu wakufa atapatsidwa pakamwa ngakhale kwa mphindi zochepa, mawu oyamba angakhale ouza abale ake kumene mtembo wake uli, kuti akamuike mwaulemu. Kwa ine chinandivutanso n'chakuti buku limene layamba ndi mwana wolandidwa ulamuliro pa thupi lake likufika pogwiritsa ntchito thupi la mtsikana wina pa nkhani ya kugonana, osaima n'kuganizira bwino zimenezo. Mwana wa achemwali anga yekha ndiye anaikira kumbuyo gawoli, akuti Susie anabwezeredwa chimene analandidwa. Ndamva mfundo yake, koma sinanditembenuze.

Mathero a Harvey nawonso anatigawa. Sanamangidwe, sanaime m'khoti, ngakhale kuti Lindsey anaika moyo wake pachiswe polowa m'nyumba mwake n'kutengamo chojambula cha dzenje la m'munda wa chimanga muja limene mkulu wake anaphedweramo. Anafa patapita zaka, chidutswa chosongoka cha madzi oundana chitamugwera n'kumuterereza m'chigwembe. Kusagwidwa kwake ndinakulandira, chifukwa milandu yambiri yotere imathadi popanda chilungamo ndipo buku loona liyenera kulimba mtima kunena zimenezo. Koma imfa yangozi ija ndi dzanja la wolemba lofuna kutipepesa, ndipo amalume anali ndi mfundo pamene anati buku likachotsa Woweruza limakakamizika kufuna chilango kwina.

Mutu woyamba ndi wowawa kwambiri, ndipo pali chifukwa chake umamveka woona chotero. Sebold mwiniwake anagwiriridwa mu 1981 ali wophunzira pa yunivesite ya Syracuse, ndipo analemba za zimenezo poyera. Wogula ayeneranso kudziwa kuti mu 2021 khoti linapeza kuti bambo amene anakhala m'ndende zaka 16 pa mlanduwo anali wosalakwa, ndipo Sebold anapepesa. Mmodzi wa anzanga atamva zimenezi anakana kuliwerenga, ndipo sindinamukakamize.

Chingerezi chake si chovuta, moti wa Fomu 4 akhoza kuchitsatira, kupatula zinthu zina za moyo wa ku America monga masewero ndi dongosolo la sukulu. Komabe sindingalisiye poyera m'nyumba muli ana a pulayimale, ndipo wachinyamata aliwerenge pali wamkulu woti akambirane naye. Chapakati nkhani imayenda pang'onopang'ono, zaka zikudumphidwa ndipo anthu ena osafunika kwenikweni akupatsidwa masamba ambiri. Amene anaonera filimu yokha adziwe kuti inachotsa chibwenzi cha Abigail ndi wapolisi uja ndipo inafewetsa nkhanza za m'mutu woyamba, choncho bukuli n'lolemera kuposa zimene anaona. Kope langa linali lofiira masamba ndipo guluu wake anayamba kumasuka litadutsa m'manja ambiri, choncho ogula kwa ogulitsa mabuku akale atsegule pakati ndi kumapeto kuti aone ngati masamba onse alipo asanapereke ndalama.

Ndingalipereke kwa azibusa, aphunzitsi, anamwino ndi aliyense amene amayendera ofedwa, chifukwa adzamvetsa chifukwa chake bambo wina amakwiya, mayi wina amakhala chete, ndipo mwana wina amaoneka ngati sizikumukhudza. Ndingaliperekenso kwa munthu amene anafedwa kalekale ndipo akufuna kuona kuti maganizo amene ankachita nawo manyazi si ake yekha. Koma kwa amene waika mwana chaka chino, kapena amene akufuna mawu otsimikiza za kumene wokondedwa wake ali, sindingalipereke, ndipo alamu anga atafuna kulitengera kwa mayi wina wa ku Ndirande amene wangofedwa kumene, ndinawapempha kuti adikire kaye.