Bokosi la zipangizo zophunzitsira za kuwala: pulasitiki yake ndi yabwino, kalilole ndiye wovuta

Mabokosi amtunduwu nthawi zambiri amakhala ndi nyali ya babu wa mavolti 12, timapale tokhala ndi timipata totulukira kuwala, kalilole wosalala, kalilole wopindika, ndi zidutswa za pulasitiki yoonekera ngati galasi yotchedwa acrylic. Kwa wophunzitsa sayansi ndi katundu woyenera kugula, koma si zonse zili m'menemo zimene zimagwira ntchito mofanana.

Chopambana zonse ndi chidutswa chooneka ngati theka la mwezi. Chiikeni pa pepala loyera, muchizungulize ndi pensulo, muike kadontho pakati penipeni pa mbali yowongokayo, ndipo pa kadonthopo mujambule mzere wopanga madigiri 90 ndi mbaliyo. Ngodya zonse muziyeza kuchokera pa mzere umenewu, osati pa pulasitiki. Mukalozetsa kuwala pa kadonthopo kuchokera ku mbali yowongoka pa madigiri 30, m'kati kumayenda pa madigiri pafupifupi 20. Mukalozetsa pa 60, mupeza 35 kapena 36. Kumapatuka chonchi chifukwa m'pulasitikimu liwiro lake limachepa: la mumpweya mukaligawa ndi la mu acrylic mumapeza 1.49. Ubwino wa mbali yozungulira ndi wakuti kuwala kochokera pakati kumatuluka osapatukanso. Mukaphonya kadontho kaja ngakhale pang'ono, kumapatuka kawiri, manambala n'kusokonekera.

Kenako lowetsani kuwala kuchokera kozungulira, muzikulitsa ngodya pang'onopang'ono. Mzere wa kuwala wotuluka umanka nugonera pa mbali yowongoka, n'kuonetsa timitundu ta utawaleza, ndipo mukangopitirira madigiri 42 umazimiririka, kuwala konse n'kubwerera m'kati. Ndi mmene kuwala kumayendera m'zingwe zagalasi za intaneti. Chidutswa chimenechi chokha chikukwanira kukhala chifukwa chogulira bokosili.

Kalilole wopindika ndiye sandikhutiritsa. Kawirikawiri amakhala kachitsulo kopyapyala konyezimira mbali zonse, kolowa m'kati uku, kotukuka uku, ngati supuni. Mbali yolowa m'kati imayenera kusonkhanitsa mizere yoyenda mofanana pa theka la mtunda wochokera pa kalilole kukafika pakati pa bwalo lake: ukakhala masentimita 20, mizere ikumane pa 10. Koma kachitsuloka kamapindika kakafinyidwa ndi zala, ndiye jambulani kaye mphepete mwake pa pepala muone ngati kakadali kozungulira bwino.

Zolakwika zina si za wopanga. Mizere isanu yochokera pa kapale ka timipata tisanu sikumana pamodzi ndendende, chifukwa pa kalilole wodulidwa ku bwalo ya m'mphepete imadutsana pafupi ndi kalilole kuposa ya pakati. Gwiritsani ntchito kapale ka timipata titatu. Mizere ikakumana patali kuposa mmene mwawerengera, ndiye kuti ikuchoka m'nyali ikutalikirana. Sunthani lenzi (kagalasi kosonkhanitsa kuwala) ya nyaliyo mpaka mpata wa pakati pa mizere ufanane pa masentimita 5 ndi pa 30 kuchokera pa nyali. Mizere ikakhala yonenepa ndi yosaoneka bwino m'mbali, tembenuzani babu kuti kawaya kake kaime motsatira timipata. Ku mbali yotukuka mizere imabalalika, ndipo pokumana pake mumapapeza poipitiriza ndi rula kuseri kwa kalilole.

Babu amatentha kwambiri, choncho muzimuzimitsa pamene mukujambula; pakakhala ya LED sankhani imeneyo. Chipinda chikhale chamdima ndithu. Acrylic sachedwa kukalika, ndipo sipiriti amamuchititsa timing'alu, ndiye muzitsuka ndi madzi a sopo ndi kansalu kofewa. Musanagule, funsani ngati muli kachidebe kozungulira theka kothiramo madzi, popeza mabokosi ena sakhala nako. Mukagawa liwiro la kuwala mumpweya ndi la m'madzi mumapeza 1.33, ndipo kuwala kumayamba kubwerera konse pa madigiri pafupifupi 49, zimene zimathandiza ophunzira kuona kuti ngodyayi imasintha malinga ndi chimene kuwala kukudutsamo.