Masilipa a njanji: oak, beech kapena paini, nanga mankhwala ati?

Anthu ambiri akamasankha masilipa, mitengo ija yopingasa pansi pa njanji, amayamba ndi funso loti mtengo wolimba ndi uti. Ine ndimayamba ndi lina: mtengowo umamwa mankhwala oteteza kuola kufika pati?

Tengani oak. Ndi wolemera, umagwira msomali bwino, ndipo mtima wake suola msanga ngakhale usanathiridwe kanthu. Koma mtima womwewo sulola creosote, mafuta akuda oteteza mtengo kuola, kulowa. Mukadula silipa ya oak pakati mumapeza mzere wakuda m'mbali mokha, m'katimo muli mbee. Beech ndi wosiyana kwambiri. Mukauika pansi wopanda mankhwala, zaka zochepa chabe wafumbwa, koma m'thanki ya mankhwala umamwa mpaka pakati, ndipo ukatero umatha zaka 30 kapena kuposerapo. Chosamala ndi kupewa wa mtima wofiira, chifukwa pamenepo mankhwala salowa. Paini amamwanso bwino, ndi wopepuka, koma ndi wofewa. Chitsulo chogwira njanji chimamudya pang'onopang'ono, makamaka pokhota ndi podutsa sitima zolemera. Pa njanji ya m'mbali ali bwino, pa njanji yaikulu ndingasankhe beech.

Ku mankhwala, creosote wochokera ku phula la malasha akadali patsogolo. John Bethell wa ku Britain ndiye anayambitsa mu 1838 njira youkankhira m'mtengo ndi mphamvu m'thanki yotseka, atayamba wachotsamo mpweya. Njira ina ya mu 1902, yotchedwa Rüping, imatembenuza zinthu: mpweya umalowetsedwa poyamba, ndipo pomaliza umatulutsa mafuta otsala. Creosote wochepa amakwanira, ndipo silipa sikhala ikutuluka thukuta lakuda kukatentha.

CCA, mankhwala ena a mkuwa, chromium ndi arsenic, amapha chiswe ndi nkhungu bwino lomwe, koma amalowa ndi madzi. Sapaka mtengo mafuta, ndiye silipa imanyowa ndi kuuma mobwerezabwereza mpaka kung'aluka. Creosote amatchinga madzi, ndipo pa njanji chimenecho n'chachikulu. Choipa chake n'choti amayambitsa khansa. Silipa yakale musaiotche, ndipo musaigwire ndi manja opanda magulovesi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona ntchito yabwino ikuonongeka ndi changu. Mtengo wauwisi sumwa kanthu, uyenera kuuma kaye miyezi ingapo utasanjidwa poti mphepo izidutsa, nsonga zake zitamangidwa ndi zitsulo kuti zisang'ambike. Mabowo a misomali abooledwe silipa isanalowe m'thanki. Ndinaonapo silipa ya oak yooneka yathanzi kunja, koma msomali unazuka ndi dzanja. Bowo linabooledwa pambuyo pa mankhwala, madzi a mvula ankaima m'menemo, ndipo m'kati monse munali ngati utuchi wonyowa.