Mfuti zachikumbutso: ndinayang'ana chitsulo, osati golide

Mfuti za m'manja zachikumbutso zimabwera m'bokosi lathabwa lokongola, zili ndi nambala yapadera ndiponso mbiri yake, moti wogula amakhala atakopeka kale asanayang'ane chitsulo chenichenicho. Kampani ya Colt inatulutsa zambiri zoterezi m'zaka za m'ma 1960, ndipo zotchuka ndi zinayi za mtundu wa M1911, pisitolo imene John Browning anaikonza ndipo asilikali a America anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1911. Zinayizo zimakumbutsa nkhondo za Château-Thierry, Belleau Wood, Marne yachiwiri ndi Meuse-Argonne, zimene zinamenyedwa ku France pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Nayo kampani ya Smith & Wesson inatulutsa Model 19 yachikumbutso mu 1973 pokumbukira zaka 150 za Texas Rangers, gulu la apolisi a ku Texas. Mayina amenewa ndi olemekezeka, koma dzina la nkhondo silikuuza ngati zitsulo za mfuti zalumikizana bwino.

Ndinapatsidwa mpata wogwira mapisitolo awiri achikumbutso a makampani osiyana, omwe sindiwatchula, ndipo chimene chinawasiyanitsa ndi ntchito imene inachitika mtundu usanapakidwe. Kuderako kwa chitsulo cha mfuti, kumene kumaoneka ngati buluu, sikubisa kanthu, chifukwa kumangoonetsa mmene chitsulo chinasalazidwira. Pisitolo yoyamba inali ndi mbali zathyathyathya ngati galasi, ngodya zake zakuthwa, zilembo zake zooneka bwino mpaka m'mphepete. Yachiwiri inali yowala kuposa inzake, koma nditaipendeketsa pa kuwala kwa pawindo ndinaona kuti wosalaza anakanikiza kwambiri pa makina: ngodya zinali zitafafanizika, ndipo pozungulira chilembo chilichonse panali kadzenje kosaya. Golide amene anathiridwa m'zilembozo anali atasefukira pang'ono m'malo awiri.

Kalumikizidwe ka yachiwiriyo nako kanali kokhumudwitsa. Nditaigwedeza, slide, chitsulo chapamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikawombera, inkachita phokoso, ndipo pakati pa thabwa la chogwirira ndi chitsulo panali mpata wokwana kulowetsa pepala. Kunena chilungamo, M1911 ya asilikali inkasiyiridwa kampata mwadala kuti isakanirire ikalowa fumbi, choncho kugwedera pang'ono si chilema pa mfuti yantchito. Koma munthu akalipira ndalama zoonjezera chifukwa chakuti chinthucho ndi chapadera, ali ndi ufulu woyembekezera kuti mmisiri anachigwira ndi manja ake, osati kuti anangotenga mfuti wamba pamzere wa fakitale n'kuiveka zokongoletsa.

Zozokota ndi zimene zimanyenga anthu ambiri. Galasi lokulitsa zinthu limaulula zonse: mzere wozokotedwa ndi dzanja umayamba wopyapyala, umakula, kenaka umathera mosongoka, ndipo m'kati mwake mumanyezimira, pamene wodindidwa ndi makina kapena wootchedwa ndi laser umakhala wofanana kuya kwake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zozokota za mapisitolo onse awiri zinali za makina, zomwe sindikuziona ngati mlandu malinga wogulitsa anene zoona.

Bokosi nalo liyenera kuunikidwa, popeza nsalu yofewa ya m'kati imasunga chinyezi. Pisitolo yachiwiri ija inali ndi timadontho tadzimbiri mbali imene inagonera kwa zaka zambiri, ndipo mwini wake sanadziwe chifukwa ankangoyang'ana mbali yapamwamba. Pa mfuti za silinda yozungulira, kungokoka hamala (kachitsulo kamene kamamenya chipolopolo) kangapo kumasiya kamzere kozungulira silindayo, ndipo osonkhanitsa mfuti amatsitsa mtengo akangokaona, monganso amachitira bokosi kapena zikalata zake zikasowa.

Yoyamba ija ndingailipire mtengo wake mosadandaula, ngakhale zokongoletsa zake ndi zochepa. Yachiwiri ndingaigule pokhapokha pa mtengo wa pisitolo wamba, ndipo ndisanapereke ndalama ndingapemphe kuti matabwa a chogwirira amasulidwe kuti ndione ngati dzimbiri silinalowe pansi pake.