Dock ya madisiki awiri: momwe yandithandizira kuchokera pomwe NAS inazima mu Januwale

NAS ya ku situdiyo kwathu ku Chinamwali, kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki, inasiya kudzuka usiku wina wa mabingu mu Januwale. Ukaiyatsa, kanyale ka kutsogolo kamangophethira, fani n'kumazungulira, koma pa netiweki osaoneka. M'menemo munali mavidiyo a zinkhoswe ndi maukwati, komanso zithunzi za omaliza maphunziro ku Great Hall ya ku Chirunga zomwe eni ake anali asanadzatenge. Kuti ndipulumutse mafayilowo, ndinagula dock (kachipangizo kolumikizira madisiki ku kompyuta) ya USB 3.0 yolowa madisiki awiri a SATA (mtundu wa polumikizira disiki), ndipo pano tili mu Okutobala ndikuigwiritsabe ntchito.

NAS zambiri zing'onozing'onozi ndi kakompyuta ka Linux basi. Bodi ikapsa, mafayilo amakhala akadali pa madisiki, omangidwa ndi mdadm (pulogalamu yophatikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi), nthawi zina ndi LVM (yogawa malo a pa madisiki) pamwamba pake, olembedwa mu ext4 kapena Btrfs (njira za Linux zosanjira mafayilo). Windows payokha siwerenga zimenezi. Ikakufunsani zoti mufomate disiki, kanani, chifukwa mukangovomera mwadzikumbira dzenje nokha.

Ine ndinalemba nambala pa disiki iliyonse ndisanaizule mu NAS n'kuilowetsa mu dock, ndinayatsa laputopu ndi Ubuntu 22.04 (mtundu wa Linux) ya pa fulashi, n'kuika mdadm ndi lvm2 (pulogalamu ya LVM). Kenako ndinalemba malamulo akuti mdadm --assemble --scan ndi vgchange -ay kuti madisiki aoneke ngati mmene analili mu NAS, n'kutsegula disiki ndi mount -o ro kuti ndizingowerenga, osalembapo kanthu. Mafoda onse anatuluka ndi mayina ake. Kukopera 2 TB kunadya tsiku lathunthu la ntchito. Mavidiyo akuluakulu ankathamanga kupitirira 100 MB pa sekondi, koma pa timafayilo ting'onoting'ono ta zithunzi liwiro linkagweratu. Mukalakwitsa n'kulowetsa chingwe pa USB 2.0, yomwe imathera cha m'ma 35 MB pa sekondi, mugona pomwepo.

Zinandiphwekera chifukwa madisiki anga anali pa RAID 1, pomwe iliyonse imasunga zofanana ndi inzake. Amene muli ndi madisiki 4 pa RAID 5, pomwe mafayilo amagawidwa pa madisiki onse, mufunika osachepera 3 alumikizidwe nthawi imodzi, ndiye dock iyi sikukwanirani, pezani kompyuta ya pa desiki yokhala ndi malo okwanira a SATA. Ngati mafoda munawatseka ndi encryption, kiyi wake afunikabe. Ndipo disiki ikamagogoda ngati wotchi, musaikakamize, yambani mwaikopera yonse ndi ddrescue, pulogalamu yokopera madisiki owonongeka.

Tsopano zofooka zomwe zaoneka m'miyeziyi. Madisiki amaima pamtunda, opanda fani. M'nyengo yozizira ya Juni sindinaone vuto, koma kutentha kwa pano ukaigwira disiki pakatha maola awiri umabweza dzanja, moti ndimaiyikira fani ya pa tebulo. Fumbi la mumsewu limalowanso m'mabowo, ndimavindikira ndi kansalu ndikamaliza. Ili ndi adaputala yake ya 12V, choncho magetsi akazima laputopu imapitirira ndi batire koma madisiki amazima pakati pa ntchito. Popanda UPS, batire yosunga magetsi akazima, musayerekeze. Kuti pulogalamu ya smartctl ione thanzi la disiki kudzera mu dock imeneyi, ndimachita kuwonjezera -d sat.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi kabatani ka clone. Ntchito yake n'kukopera disiki ya pa malo A kupita pa B, n'kufufuta zonse zomwe zinali pa B. Kali pafupi kwambiri ndi pomwe chala chimagwira ukamazula disiki, ndipo pa situdiyo pamadutsa manja ambiri. Ndinakamata ndi tepi wakuda ndipo sindinamatulepo.

NAS ija waluso wina anaitsegula n'kupeza kuti bodi inapsa, sindinagule ina. Dock ndiyo ikugwira ntchito yokopera mafayilo kumapeto kwa mwezi uliwonse, disiki imodzi imatsala ku situdiyo, ina imakagona kunyumba ku Matawale. Kwa wojambula kapena kaofesi kakang'ono kokhala ndi madisiki awiri, ndalama yake siipita pachabe. Kuisiya yoyaka usana ndi usiku m'malo mwa NAS, ayi, sinapangidwire zimenezo.